Paini wa alamu ndi chitini cha penti

Ndiyambe ndi kuvomera mlandu, kuti amene ali ndi ntchito zina asataye nthawi. Kamtengo ka paini kamene alamu anga anandipatsa ndinakapha ndine, ndipo katafa ndinakapaka penti wobiriwira. Mbuzi imene ndinainamizira inangobudulako nsonga basi. Mayi a kunyumba akudziwa, alamu akudziwa, ndipo ndikukayikira kuti ana a giredi 7 nawonso akudziwa, chifukwa ndikangotchula mawu akuti mizu m'kalasi amayamba kugwirana m'nthiti. Amene sakudziwa mpaka lero ndi apongozi okha, ndipo poti iwo amangowerenga Baibulo lawo la Chitumbuka, ndalimba mtima kulemba.

Kwathu ine ndi ku Katete. Uphunzitsi ndi umene unanditaya kuno kwa Magodi, kumpoto kwa Lundazi, kumene kuyambira 2018 timati tili m'boma la Chasefu, ngakhale munthu akati “ndikupita ku boma” aliyense amamvabe kuti akunena ku Lundazi. Ndinakwatira konkuno. Mabanja ambiri a kuno malire anangowadula pakati ngati mpeni pa dzungu, ndipo mlongo wake wamkulu wa mkazi wanga anakhazikika ku Malawi, kumene anagwira ntchito zaka zambiri m'nazale za mitengo ku Chikangawa.

Zaka ziwiri zapitazo, mu Januwale, tinamva kuti alamuwo sakupeza bwino, ndiye tinanyamuka kukawazonda. Tinadutsa pa Lusuntha, n'kulowa pa Mqocha, n'kukakwera basi pa Jenda. Ine kanali koyamba kuona Chikangawa. Tinafika nkhungu itatsika mpaka m'mawondo, mphepo ikulowa m'mafupa pamene kwathu tinasiya anthu akupalira chimanga thukuta lili kamukamu. Alamu tinawapeza atachira kale, matenda atatsala m'kamwa mokha, moti tsiku lachiwiri ananditenga kukayenda m'nkhalango. Anandiuza kuti boma la Malawi linayamba kubzala kwambiri mitengoyi mu 1964, mpaka inakwana mahekitala pafupifupi 53,000, cholinga chili chopangira mapepala, koma fakitale yakeyo sinamangidwe. Anandionetsa mapiri amene moto ndi macheka zinawameta mpala, n'kukhala chete kanthawi. Kenaka anathyola kanthambi n'kundiwerengetsa masamba ake, onga singano, atatuatatu pa kamtolo, olendewera ngati ndevu za chimanga. Anati dzina lake la m'mabuku ndi Pinus patula, ndipo kwawo kwenikweni ndi kumapiri a ku Mexico.

Apa ndi pamene mtima wanga unachimwa. Ndinali nditaonapo pa Facebook timitengo ta ku Japan totchedwa bonsai, paini wokalamba ngati agogo koma wokhala m'kambale pa tebulo. Ndinadziona ndekha nditakhala pabalaza, kamtengo kotere kali pambali pa wailesi, ahedi atabwera kudzacheza n'kufunsa kuti kodi aphunzitsi, chimenechi n'chiyani. Kuno kwa Magodi pakhomo pa munthu pamakhala mango, malaina, papaya, mwina bulugamu. Paini ndinali ndisanamuonepo pakhomo pa wina aliyense m'dera lathu. Ndinapempha mbande imodzi.

Anandipatsa kambande kotalika ngati chikhatho ndi theka, kali m'kachubu kakuda ka pulasitiki. Tikukwera minibasi, kondakitala akumenya chitseko, alamu anafuula kuti, “Alamu, dothi limenelo musalitaye! Ndipo musakagoneke m'nyumba!” Ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Kunena zoona ndinamva ndithu, koma mumtima ndinati munthu wophunzitsa sayansi sangauzidwe za dothi ndi munthu amene anasiyira sukulu panjira. Kambandeko kanayenda ulendo wonse kali m'jumbo, pakati pa kabichi ndi mbatatesi.

Titafika kunyumba ndinang'amba kachubu kaja kuti ndione mizu. Zimene ndinaona zinandidetsa nkhawa. Dothi lonse linali litayangidwa ndi tiulusi toyera ngati thonje, timizu tating'ono titatupa kunsonga n'kuchita mphanda, ndipo pankamveka fungo la bowa. Ndinati ichi ndi chuku, alamu andipatsa mbande yodwala. Ndinaitana mwana wanga wamkulu kuti adzaphunzirepo kanthu. Ndinatenga beseni, madzi a pa mjigo ndi kasopo pang'ono, n'kutsuka mizu ija umodziumodzi mpaka inayera ngati mano a mwana. Dothi la ku Chikangawa ndinakalitaya kudzala ndi manja angawa.

Mayi a kunyumba anali akusenda mbatatesi pakhonde. Anati, “Abambo, achimwene aja sanati dothilo lisatayidwe?”

Ndinawayankha kuti achimwene awo amadziwa kubzala mitengo ya matabwa, koma za mitengo yokongoletsa m'nyumba ndi nkhani ina. Sanayankhe. Mkazi wanga akakhala chete chomwecho amakhala akusunga mawuwo penapake pouma bwino, kuti adzawatulutse pa nthawi yake.

Dothi latsopano ndinalikonza mwaulemu wonse. Ndinakumba la pachulu, lija lomata limene amaumbira njerwa, ndinasakaniza ndi manyowa a m'khola la ng'ombe la aneba, ndipo pamwamba ndinathira phulusa mbale yathunthu poopa chiswe. Mphika woyenera mtengo waulemu chotere panalibe, koma panali mtsuko umene apongozi anatiumbira titangolowa m'banja. Ndinautenga. Kuboola pansi sindinayerekeze n'komwe, chifukwa mkamwini amene waboola mtsuko wa apongozi ake ndiye kuti watopa ndi banja. Choncho kamtengo ka kumapiri, kozolowera dothi lofiira lotayana limene madzi amangodutsa, ndinakaika m'dongo, m'ndowe ndi m'phulusa, mu mtsuko wopanda potulukira madzi, n'kukakhazika pakona ya pabalaza pamene dzuwa silinafikepo chimangireni nyumbayo.

Ndinkakathirira m'mawa ndi madzulo, kapu yaikulu ija ya phala.

Mwezi woyamba kanangokhala, osakula osafota. Ahedi anabweradi, ndipo anafunsadi funso lija. Ndinawafotokozera za Mexico ndi za Japan kwa mphindi makumi awiri, tiyi wawo mpaka anazizira. Pofika mu Malichi masamba anayamba kuchita chikasu kuyambira m'munsi. Mlimi aliyense wa kuno amadziwa kuti chimanga chikachita chikasu ndiye kuti chikulira yuleya. M'thumba la feteleza wa FISP munali mutatsala pang'ono pansi. Ndinatapa dzanja lodzaza, muyeso umene ukanakwanira mapando angapo a chimanga chofika m'chiuno, n'kukwirira patsinde pa kamtengo kosaposa pensulo kunenepa. Patapita masiku anayi nsonga za masamba zinapsa ngati zawauka ndi moto. Ndinati ndi ludzu. Ndinawonjezera madzi.

Kenaka ndinakumbukira theka lachiwiri la mawu a alamu, lija lakuti kasagone m'nyumba, ndipo ndinalimvera mwa theka. Ndinayamba kukatulutsa m'mamawa kuti kaothere dzuwa, n'kukalowetsa madzulo poopa akuba ndi ziweto. Mtsuko wodzaza dongo lonyowa si katundu wamasewera. Ndinkaukumbatira pamimba, n'kumayenda chotangadza ngati mayi wodwala pakati, kawiri pa tsiku, pamaso pa mudzi wonse. M'miyezi ya Juni ndi Julaye ndinkakafunditsa chitenje usiku, kuiwala kuti kwawo kumene kanachokera kumazizira kuposa kuno. Ndivomerenso kuti nthawi zina ndinkakalankhula. Sindinkanena zambiri, kungokafunsa kuti kodi chikukuvuta n'chiyani iwe.

Pamudzi palibe chinsinsi. Mphekesera inayamba kuyenda yakuti aphunzitsi a ku Katete aja anabwera ndi chizimba kuchokera ku Malawi, amachigoneka m'nyumba, amachifunditsa, amachidyetsa feteleza ndipo amacheza nacho. Ena ankati n'chokwezera pa ntchito, ena ankati n'choitanira ndalama. Ine sindinadziwe kanthu mpaka usiku wina mu Ogasiti, nyengo yogula soya ndi mtedza ili pakati, pamene kunabwera bambo wina wa sikelo amene amagula mbewu pamsika. Anakana kulowa m'nyumba. Anandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kunong'ona kuti, “Asambizgi, ine sindifuna zambiri. Masamba atatu okha, oti ndiike pansi pa sikelo.” Ndinamufotokozera za Pinus patula, za 1964, za fakitale ya mapepala. Anamvetsera mwaulemu, n'kunena kuti akumvetsa, zinthu zotere munthu savomera msanga, ndipo anandisiyira nkhuku. Nkhukuyo tinadya. Ndi phindu lokhalo limene banja langa linapeza pa ulimi wa paini.

Apongozi anali mbali yanga, ndipo zimenezi ndi zimene zikundipweteka kwambiri. Iwo ndi ine sitiyang'anana m'maso, ndipo akafuna kundiuza kanthu amauza mdzukulu wawo ine ndili pomwepo. Atamva za mphekesera ija anakwiya. Anauza mdzukuluyo mokweza, kuti aneba amve, kuti mtengowo anapereka ndi mwana wawo woyamba, uli mu mtsuko woumba iwo, ndipo aliyense wonena za mankhwala akanene pamaso pawo. Kuyambira tsiku limenelo kamtengoko kanasanduka mbendera ya banja. Akabwera ankayamba kukaona iko asanaone ana.

Mbuzi inabwera mu Seputembala. Ndinali nditakasiya pakhonde n'kupita kukalemba mayina a ana, ndipo pobwera ndinapeza nsonga palibe, mbuzi ya aneba itaima poteropo ikutafuna monyinyirika, ngati nayonso yakhumudwa ndi kakomedwe kake. Ndinakondwa mumtima, Mulungu andikhululukire. Tsopano ndinali ndi woti ndimuloze chala. Ndinakadandaula kwa eni mbuzi ndi nkhope ya maliro, iwo anapepesa, mbuzi inamangidwa pa chingwe sabata yathunthu chifukwa cha mlandu umene inapeza utachitika kale.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti paini safa ngati tomato, amene ukamulakwira m'mawa, masana wagwetsa kale nkhope. Masamba a paini ndi olimba, okutidwa ndi phula, ndipo amatha kukhala obiriwira milungu ingapo mizu itafa kale. Ndiye kuti kwa nthawi imene sindingathe kuiwerenga bwino ndinkanyamula mtembo m'mawa ndi madzulo, kuufunditsa ndi kuufunsa chimene chikuuvuta. Kutentha kwa Okutobala kutafika, zonse zinaonekera poyera. M'sabata imodzi kamtengo konse kanasanduka kofiirira ngati tsache lakale.

Sabata yomweyo kunabwera uthenga pa foni wakuti alamu akubwera. Ankafuna kudzaonerera mwambo wa Zengani ku Emusa, umene umasonkhanitsa Angoni ndi Atumbuka a kwa Magodi, ndipo anati adzagona kwathu masiku atatu. Kumapeto kwa uthengawo analemba kuti, “Ndidzaonenso mwana wanga uja.”

Munthu wanzeru akanachita chimodzi mwa zinthu ziwiri: kunena zoona, kapena kuzula kamtengoko n'kunamizira mbuzi mpaka kumapeto. Ine ndinakumbukira kuti kuseri kwa kabati kunali chitini cha penti wobiriwira wa mafuta amene anatsala titapaka chitseko. Ndinadikira kuti onse agone. Ndinasungunula pentiyo ndi palafini, ndinatenga mswachi wakale, n'kukhala pansi kukhitchini ndi tochi ya foni kukamwa. Masamba ouma a paini sapakika, ndikuuzeni. Ukangowakhudza amayoyoka, ndipo otsalawo amamatana atatuatatu n'kukhala ngati michira ya mbewa zonyowa. Ndinagwira ntchitoyo mpaka atambala oyamba. Pomaliza kamtengoko kanali kobiriwira kuposa mmene kanalili ku Chikangawa, kobiriwira ngati chitseko chathu.

M'mawa mayi a kunyumba anaima pakhomo la khitchini, ananunkhiza, anayang'ana kamtengo, anayang'ana chitseko, anayang'ana zala zanga. Anati, “Abambo, mwadzuka bwanji?” Sananene china.

Ndinakaika pakhonde kuti kaume, ndipo mphepo ya Okutobala inachita mbali yake. Pofika masana panali patamatirira fumbi, nthenga ziwiri za nkhuku ndi ntchentche zingapo zimene zinafera pomwepo. Ndinachotsa zimene ndikanatha. Apongozi anafika madzulo kudzakonzekera mwana wawo. Maso awo anayamba kuchita nkhungu zaka zapitazo, ndipo ataona kubiriwirako ali chapatali anaomba m'manja n'kuyamba kuthokoza Mulungu. Anauza mdzukulu wawo kuti iwo anakapempherera kamtengoka ku msonkhano wa amayi wa Umanyano Lachinayi lapitalo, ndipo onani tsopano. Pofika mawa lake amayi onse a ku tchalitchi anali atamva kuti mtengo wa aphunzitsi wauka.

Alamu anafika pa njinga yamoto, fumbi lili mpaka m'nsidze. Atalandira madzi ndi malonje, anati tiyeni tikamuone. Banja lonse linatsatira. Anaima patsogolo pa mtsuko uja nthawi yaitali, manja ali kumbuyo. Kenaka anatambasula dzanja n'kugwira kanthambi, ndipo kanthambiko kanathyoka kuti thyo, n'kuwasiyira chala chobiriwira. Anachiyang'ana chalacho. Anachinunkhiza. Anayang'ana amayi awo, amene nkhope yawo inali ikuwala ngati ya mkwatibwi, n'kulowetsa dzanjalo m'thumba la buluku.

“Wasamalidwa kwambiri,” anatero. “Sindinaonepo paini wosamalidwa chonchi.”

Chakumadzulo anandipempha kuti ndiwaperekeze akaone munda. Sitinafike kumunda. Tinakhala pansi pa msuku m'kathengo ka kuseri kwa sukulu, ndipo anaseka mpaka misozi, mpaka kutsokomola, mpaka ndinaopa kuti matenda aja abwerera. Atapuma anandifunsa zimene ndinachita kuyambira tsiku loyamba, ndipo ndinaulula zonse ngati kwa abusa. Pa yuleya anagwira mutu. Pa mtsuko wosaboola anaomba m'manja kamodzi. Koma nditafika pa beseni ndi sopo anasiya kuseka.

Anandifunsa kuti, “Alamu, mvula ikagwa, amayi amakazula kuti bowa? Pansi pa mango?”

Ndinati ayi, amapita kuthengo, pansi pa misuku ndi miombo.

Anati nanga n'chifukwa chiyani. Ine, mphunzitsi wa sayansi, ndinalibe yankho. Anafukula dothi ndi kamtengo pansi pa msuku uja n'kundionetsa tiulusi toyera, tofanana ndendende ndi timene ndinatsuka. Anati bowa amene timadya ndi chipatso chabe, mwini wake ndi ulusiwu, ndipo umakhala wokulunga timizu ta mtengo. Ulusi umayenda kutali m'dothi kumene muzu sungafike, n'kumatengera mtengo madzi ndi chakudya, ndipo mtengo umabweza shuga wopangidwa m'masamba. Msuku uli ndi bowa wake, mombo uli ndi wake, paini nayenso ali ndi wake, ndipo popeza paini ndi mlendo kuno, bowa wakeyo sapezeka m'dothi lililonse. N'chifukwa chake m'nazale, akamadzaza machubu, amasakanizamo dothi lotapa pansi pa paini wamkulu. Anati ngakhale azungu oyamba kubzala paini m'maiko athu ano anavutika, mbande zikungochita chikasu n'kupinimbira, mpaka anazindikira zobweretsa dothi la pansi pa paini wokhazikika kale. Dzina la m'mabuku ndinakalipeza ndekha pambuyo pake, mycorrhiza, ndipo linali m'buku limene lakhala pa shelefu yanga zaka zonsezi.

Zotsalazo anangozidutsa mwachangu, ngati dokotala wowerenga matenda a munthu amene wafa kale. Paini amakonda dothi lowawasa pang'ono, ndipo phulusa limapha kuwawasako. Mizu yake imafuna mpweya, ndipo m'dongo lonyowa usana ndi usiku imaola. Amafuna dzuwa la tsiku lonse. Mumphika amathiriridwa pokhapokha chala chikalowa m'dothi n'kutuluka chouma. Ndipo mtundu umenewu, umene kwawo umatalika mamita 30, umakondwa kumtunda kozizira ngati ku Chikangawa, kopitirira mamita 1,500, pamene kuno tili m'munsi ndipo Okutobala wathu sachita chibwana. Anati mtundu wa kesiya, umene a ZAFFICO amabzala ku Copperbelt, ukanapirira bwino kutentha kwathu. Za bonsai anati a ku Japan amadula mizu ndi nthambi mwa muyeso zaka zambirimbiri, ndipo munthu amayamba waphunzira kusunga mtengo wamoyo asanaphunzire kuufupikitsa.

Usiku umenewo tinazula mtembo uja kuseri kwa nyumba. Unatuluka mosavuta ngati dzino logwedera. Mizu inali yakuda, yoterera, ndipo pansi pa mtsuko panali chithaphwi chonunkha ngati ngalande. Ndinati tiutaye kudzala. Alamu anakana. Anati amayi awo alengeza kale ku Umanyano, ndipo iwo sangalole kuti mayi wokalamba achite manyazi pamaso pa anzake chifukwa cha uchitsiru wa amuna awiri. Ndinafunsa kuti wachiwiriyo ndani. Anati ndi amene anapereka mbande kwa mphunzitsi.

Choncho tinaubwezera mu mtsuko, ndipo unakhala pakhonde mpaka mvula yoyamba, ine ndikuupakanso apa ndi apo apongozi akatumiza uthenga kuti akubwera. Mayi a kunyumba anatulutsa mawu aja anasunga mu Januwale, onse, ndi chiwongoladzanja chake, koma anachita zimenezi kuchipinda, ndipo ndikuwathokoza.

Mu Disembala kunafika katoni kuchokera ku Jenda, atanyamula mnyamata wa njinga yamoto. Munali mbande ziwiri za kesiya ndi jumbo ya dothi lofiira losakanikirana ndi masamba oola a paini. Pa katonipo panalembedwa dzina la mkazi wanga, osati langa. Iye anabzala imodzi m'chidebe chakale chimene anachiboola pansi ndi msomali malo asanu ndi amodzi, ina anaibzala pansi kuseri kwa bafa, n'kuzitchingira ndi minga. Lamulo lake ndi lakuti ine ndikhoza kuziyang'ana nditaima pa mtunda wa mapazi atatu, manja ali kumbuyo. Mtembo wopakidwa penti uja tinauotcha usiku, ndipo unayaka bwino kwambiri. Mtsuko tinautsuka n'kuubwezera pa ntchito yake ya madzi akumwa, ngakhale kwa mwezi wathunthu madziwo ankamveka kafungo ka khola.

Apongozi atabwera pa Khirisimasi tinawaonetsa ya m'chidebe ija, n'kuwauza kuti ndi kamtengo komwe kaja, tangokasamutsa kuti mtsuko wawo upume. Anawerama, anakayang'anitsitsa, anakayeza ndi chikhatho. Kenaka anafunsa mdzukulu wawo kuti nanga bwanji kafupika.

Mkazi wanga anandiyang'ana. Mwana anandiyang'ana. Ndinakonza kukhosi n'kuuza mwanayo kuti akawauze agogo ake kuti paini akasamutsidwa amayamba wabwerera m'mbuyo pang'ono asanakule. Apongozi anagwedeza mutu mokhutira, n'kuuza mdzukulu wawo kuti azimvera bambo ake, chifukwa ndi munthu wophunzira.